Kumanja kwa Khomo

Anthu akamva komwe ndimagwira ntchito amati, "Ee, muli ndi mwayi, pamalo opatulika paja!" Ine ndimangoti ndimakolopa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala ndikulowa m'chinyumba chimenechi ndi ndowa ndi chikolopa, ndipo ndikuuzeni, fumbi la pamalo opatulika limatsokomoletsa chimodzimodzi ndi la kunyumba kwanu.

Amachitcha Mchombo wa Dziko. Ndi chiholo chachikulu, denga lozungulira, pansi matailosi oyera mbee, pakati mwala wolekeza m'chiuno. Chingwe chofiira chatchinga mwalawo pamodzi ndi mbali yonse imene kuli mbendera ndi nyali yosazima. Mkati mwa chingwecho simulowa munthu wamba. Amalowamo akuluakulu a boma akabwera kudzalumbira, ndi ine wa chikolopa. Ana a sukulu amabwera pa mabasi, asilikali amabwera ndi nkhata za maluwa, ena amalira ndithu, misozi chuchuchu, kulirira mwala umene unabwera pa lole kuchokera kophwanya miyala.

Tili ndi bambo wina wofotokozera alendo. Timamutcha Wailesi, chifukwa akatsegula pakamwa palibe pozimitsira. Amaima pafupi ndi chingwe, dzanja pachifuwa, n'kumati, "Pano ndi pamene pamagunda mtima wa fuko lathu. Makolo athu ankapadziwa pano kuyambira kalekale." Makolo ake ati? Pamene pali mwalapo panali khomo la nyumba ya amayi anga.

Ndinali ndi zaka zinayi, ndiye zambiri ndinachita kumva. Kunabwera anthu oyeza malo, ndi makina awo a miyendo itatu aja, n'kuyendayenda m'dera lonse sabata ziwiri. Tsiku lina anaima pabwalo pathu, amayi akuchapa, n'kukhoma chikhomo chachitsulo pamene tinkaponda potuluka m'nyumba. Akuti apa ndiye pakati penipeni pa dziko, ukayeza kumpoto ndi kummwera, kum'mawa ndi kumadzulo. Amayi anawafunsa ngati pakatipo sipangasendere pang'ono kumunsi komwe kunalibe nyumba. Anthuwo anaseka. Pasanathe miyezi itatu tinali m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa depoti ya mabasi, momwe tikukhalabe mpaka lero.

Za nyumbayo sindidandaula, zinali njerwa basi. Nkhani ndi bambo anga. Anamwalira ine ndili ndi zaka ziwiri, mvula ili pakati, mlatho wopita kumanda utakokoloka, ndiye anawaika pabwalo pathu pomwepo. Akuluakulu analonjeza kuti mafupa awasamutsa mwaulemu. Tsiku limene amayi anapita ku ofesi kukatenga kalata yake, chimakina chogumula chinafika n'kusalaza zonse, nyumba, mpanda, mtumbira. Pobwera anapeza dothi lofiira lokhalokha, popanda ngakhale chitsa. Atalira, mkulu wina wa tayi anawauza kuti azinyadira, mwamuna wawo agona pamtima pa dziko.

Kuyambira tsiku limenelo amayi sanapondeponso. Minibasi ikamadutsa pamenepo amayang'ana kumbali. Ankati iwo sangalowe ngati mlendo pakhomo pawo pomwe.

Ine ntchitoyi sindinaifune chifukwa chokonda dziko, ayi ndithu. Mwamuna anali atandithawa, ana awiri ali m'manja, ndipo malo a wokolopa anapezeka pamenepo basi. Ndinatha masiku atatu ndikuopa kuwauza amayi. Nditawauza anangopitiriza kusenda anyezi. Kenako, osandiyang'ana, anati, "Khomo lathu linkayang'ana kumsewu. Bambo ako ali mapazi makumi awiri kumanja kwa khomo. Uziwasesera." Sanabwereze, inenso sindinafunse kawiri.

Khomo lalikulu la holoyo nalonso limayang'ana kumsewu. Tsiku langa loyamba ndinalawirira, ndinalowa, ndinafika pamwala, ndinakhotera kumanja n'kuwerenga mapazi makumi awiri. Ndinapezeka ndaima pa tailosi ina mkati mwa chingwe, pafupi ndi nyali yosazima ija. Mtima unakhala pansi. Ndinati, chabwino, anatilanda zonse, koma bambo agona poyera, posaponda munthu, nyali ikuwayakira usana ndi usiku ngati mfumu.

Tailosi imeneyo sindinaikhudzepo ndi chikolopa. Ndinali ndi kansalu kakekake, kochokera ku diresi yanga yaukwati, poti ukwatiwo unalibenso ntchito. M'mawa uliwonse ndinkagwada n'kuipukuta ndi manja, ndikuwauza bambo nkhani. Anamva kuti mdzukulu wawo wamwamuna wakhoza mayeso. Anamva kuti wamkazi watenga mimba ali pasukulu, ndipo anamva iwo amayi asanamve. Munthu amene nkhope yake sindiikumbuka ndinamudandaulira za nsana, za mano, za mwamuna wothawa uja. Tailosiyo inayamba kuwala kuposa zinzake, mpaka Wailesi anaipezera nkhani. Ankauza alendo kuti imawala yokha, palibe akudziwa chifukwa chake, ndipo anthu ankaijambula akugwedeza mitu. Ine ndili poteropo ndi ndowa yanga, maondo ali gwa ngati a ngamila.

Madzulo aliwonse ndikafika kunyumba funso linali limodzi.

"Wawasesera?"

"Ndawasesera, amayi."

"Chabwino. Madzi ali pamoto."

Chaka chatha maso a amayi anayamba kuchita ng'ala. Loyamba linatseka, lachiwiri linatsala kuona zinthu ngati mu utsi. Lamulungu lina masana, ndikuwaluka tsitsi pakhonde, anangoti, "Unditengeko ndikawaone bambo ako, diso ili lisanatseke." Chipeso chinandigwa m'manja. Zaka makumi anayi akukana, lero akupempha okha! Ndinasangalala, sindinama. Ndinkafuna aone ndi diso lawo lotsalalo kuti mwana wawo sanagone pantchito, kuti pamene pagona mwamuna wawo pamawala mpaka alendo kujambula. Vuto linali limodzi, malowo ali mkati mwa chingwe.

Woyang'anira malowo timawatcha a Shii, chifukwa chala chawo chimakhalira pamilomo. Munthu akayetsemula m'holo, "Shii!" Mwana akalira, "Shii!" Ndinakagogoda ku ofesi kwawo Lolemba, ndinavula epuloni, ndinaima pakapeti manja kumbuyo.

"Bwana, ndili ndi pempho. Amayi anga maso akutha. Ndimati alowe mkati mwa chingwe, mphindi zisanu zokha, akaone pamene pagona amuna awo."

"Pagona ndani?"

"Bambo anga, bwana. Anaikidwa pano holoyi isanamangidwe."

"Shii! Mayi, mawu amenewo asatulukenso. M'mabuku athu mulibe manda. Mukufuna anthu azinena kuti Mchombo wa Dziko uli pamanda?"

Ndinawagwira mwendo. Ndinawakumbutsa kuti zaka zonsezi sindinajombepo, sindinaswepo ngakhale vazi imodzi ya maluwa. Iwo ankangozunguza cholembera. Ndikutembenuka kuti ndizipita, anandiitana.

"Taimani. Mwati mayi anu ndi amene anali eni malo ano?"

"Eya, bwana."

Nkhope yawo inasungunuka pomwepo. Akuti akukonza kabuku katsopano kopatsa alendo, ndipo mukusowa nkhope ya munthu. Agogo abwere Lachinayi tisanatsegule, alowe mkati mwa chingwe, aime pamwala, awajambule. Pansi pa chithunzicho alembapo kuti: Mayi amene anapereka malo ake ku fuko ndi mtima wonse. Akatero, mphindi zisanu ndi zawo, akaime pamene akufuna, bola asatchule za manda.

Ndi mtima wonse! Mayi amene anagubuduka m'dothi lofiira lija mpaka anthu kuchita kumunyamula. Koma ndinavomera. Ndinati zikomo bwana, kawiri konse. Kunyumba ndinangonena kuti atilola, za chithunzi sindinatchule, ndipo manyazi ake ndikuwamvabe mpaka pano.

Lachinayi kunacha ndi kamvula kowaza. Amayi anavala diresi yawo ya kutchalitchi ndi nsapato zakuda zimene anazipukuta okha, mopapasa. Titatsika minibasi anandigwira pamkono mwamphamvu, n'kufunsa ngati msewu ndi womwe uja. Ndinati ndi womwewo, anangouthira phula.

Lamulo la m'holo ndi lakuti aliyense avule nsapato. Kale, ine ndisanayambe ntchito, zinkasiyidwa panja, koma zinkabedwa, ee, pamalo opatulika pomwepo, anthu kubwerera kwawo ndi sokosi zokha. Ndiye anaika mashelefu mkati, kukhoma la kumanzere ukamalowa. Kulandira nsapatozo ndi kuzindandalika ndi ntchito yanganso. Kona imeneyo imanunkha mapazi chaka chonse, ngakhale uthire mankhwala otani.

"Amayi, apa timavula nsapato," ndinatero.

"Ndivule? Pakhomo panga?"

"Ndi lamulo, amayi."

Anavula, koma nditati ndizilandire anakana. Anazigwira ndi dzanja lamanja, zidendene zili pamodzi, ngati munthu wowoloka mtsinje.

A Shii anali atafika kale, atavala suti. Panalinso wojambula ndi kamera yake pakhosi, ndi Wailesi, amene palibe anamuitana. Atangowaona amayi anayamba: "Agogo, takulandirani pamtima pa fuko, pamene makolo athu..."

"Mwanawe, tatseka pakamwa," anatero amayi. "Ndikufuna ndimve pamene ndili."

Wailesi anazima. Zaka zonsezi ndinali ndisanaonepo.

A Shii anakweza chingwe okha, ndipo ndinawalowetsa amayi mpaka pamwala. Anaupapasa pamwamba, osati mwaulemu, koma ngati mmene amapapasira tebulo pofuna kudziwa ngati ndapukuta. Ndinawakoka pamkono kuti tikhotere kunyali.

"Tiyeni kuno, amayi. Ndi kuno."

Anandichotsa dzanja. Anatembenuka pang'onopang'ono mpaka mwala unali kumbuyo kwawo, nkhope kuyang'ana kukhomo lalikulu, kumene kuwala kwa kumsewu kunkalowera. Anasamutsira nsapato kumanzere. Anaima choncho kanthawi, kenako anakweza dzanja lamanja, kuloza.

Kamera inati thwa. Chithunzi chimenecho ndi chimene chili m'kabuku lero, nkhalamba itaima pamwala dzanja lili m'mwamba ngati ikulumbira. Nsapato anazidula, sizikuoneka.

Amayi anayamba kuyenda kulowera kumene analozako, akuwerenga mokweza. "Limodzi. Awiri. Atatu." Chingwe chinawagunda pamimba, anachikweza okha n'kudutsa. Ine ndinaima pomwepo ngati chitsa. Ankapita mbali ina, kusiya nyali, kusiya tailosi yanga kumbuyo.

"Amayi, mwasokera! Si uko!"

Atafika makumi awiri anaima, n'kunena okha kuti, "Miyendo yafupika, kale ndinkatambasula." Anawonjeza mapazi anayi. Bondo lawo linagunda shelefu ya nsapato.

Ndinawathamangira. "Amayi, munati kumanja kwa khomo. Kumanja ndi uko, kunyali. Ndinawerenga bwinobwino, ndinalowa, ndinafika pamwala, ndinakhotera kumanja."

"Unalowa?"

"Eya."

"Ndani amawerenga nyumba yake akulowa? Ine ndinkatuluka m'mawa ndi tsache, n'kukhotera kumanja. Mwini nyumba amatuluka, iwe. Wolowa ndi mlendo."

Mayo ine! Ndinayang'ana kona ija. Matailosi ake achikasu, mizere yakuda m'mphepete, chingamu chomatirira chimene ndinkati ndidzachipala tsiku lina. Kona imene ndimaikolopa pomaliza, ndi madzi otsala m'ndowa, ndikutukwana mapazi a anthu. Kangati ndinaponyapo nsapato za matope, kangati ndinalavulapo chifukwa cha fungo? Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi fuko lonse lakhala likuvulira nsapato pamutu pa bambo anga, ndipo wozilandira ndi kuziyala bwino anali mwana wawo.

Amayi anagwada movutika, dzanja limodzi pashelefu. Nsapato zawo anaziika pamiyendo, osati pansi. Anapapasa tailosi, n'kununkhiza zala zawo. Sananene kanthu za fungolo. Anayamba kulankhula motsitsa, mawu amene sindinawamvepo m'kamwa mwawo, ofewa ngati a mtsikana.

"Bambo a mwana, ndine. Ndachedwa, ndikudziwa. Musandikalipire."

A Shii anafika akusisita manja. "Agogo, pepani, apa ndi poika nsapato. Malo opatulika ndi uko, kumwala. Dzukani, mudetsa diresi."

"Mwala wanuwo ndauona," anatero amayi osatembenuka. "Ndi wabwino. Kaupukuteni."

"Mayi," a Shii anandinong'oneza ine, mano ali okuluma, "tinagwirizana kuti za manda ayi. Mphindi zanu zatha. Chithunzi tapeza, atulutseni."

Maso a amayi ndi amene anafa, makutu ayi. Anadzutsa mutu.

"Chithunzi chanji?"

Wailesi, poti pakamwa pake sipapirira, ndi amene anathandiza. "Cha m'kabuku, agogo. Mutchuka dziko lonse! Mayi amene anapereka malo ake ku fuko ndi mtima wonse."

Amayi anatembenuzira nkhope kumene ndinaima. Diso lotsala lija linandifunafuna mpaka linandipeza.

"Iwe umadziwa?"

"Ndimadziwa, amayi."

"Unavomera?"

"Ndimafuna mulowe mkati mwa chingwe. Ndimafuna muone mmene ndinapasamalira."

"Mkati mwa chingwe ndikatengemo chiyani? Apa aliyense amafikapo ulele, ngakhale wakuba nsapato."

Akanandimenya mbama bwenzi zili bwino. Akanakuwa, akanatukwana, ndikanapeza polirira. Koma anangobweza nkhope pansi, n'kusisita tailosi yakuda ija ndi chikhatho, kuchotsa timchenga, kumanja ndi kumanzere, monga amachitira pamphasa asanakhale mlendo.

"Madzulo aliwonse ndimakufunsa," anatero. "Madzulo aliwonse umati ndawasesera. Ine n'kumagona tulo. Nanga umasesera ndani, mwananga?"

Mpaka lero sindidziwa. Pansi pa tailosi yowala ija mwina pali paipi ya madzi, mwina palibe kanthu, ndipo ndi kumeneko kunapita nkhani zanga zonse.

Ndinatembenukira kwa a Shii. Ulemu unali utandithera. "Bwana, mashelefuwa asunthe. Apite kukhoma linalo, apite panja, kulikonse. Ndiwanyamula ndekha."

"Asunthe chifukwa chiyani? Ndikalembe kuti chiyani mu lipoti? Ndakuuzani, m'mabuku mulibe manda."

"Koma bambo anga ali apa!"

"Shii!"

Kunja kunalira hutala. Basi ya sukulu inali itaima pageti, ndipo tinamva aphunzitsi akukuwa kuti ana afole awiriawiri. A Shii anayang'ana wotchi, anakonza tayi. "Naini yakwana. Agogowa akakhale pabenchi panja. Inu bwererani pamalo anu, ana asamwaze nsapato."

Ndikanatha kuvula epuloni n'kuwaponyera kumaso. Ndinaganiza zimenezo, ndithu ndinaganiza. Koma ndikachoka ine, abwera wina wosadziwa kanthu, wothira madzi akuda pakona ija osapepesa n'komwe. Ndinawadzutsa amayi. Anali opepuka ngati mtolo wa zovala zouma. Ndinawatulutsa, ndinawakhazika pabenchi pansi pa khonde, ndinagwada kuti ndiwaveke nsapato. Anabweza mapazi.

"Pita," anatero. "Alendo ako afika."

Ana analowa akukankhana, makumi asanu ndi awiri, ndipo kunja kunali matope. Aliyense ankavula n'kundipatsa, ena akuseka sokosi zobooka za anzawo. Kamtsikana kena kanati, "Zikomo, amayi." Kumwala Wailesi anali atayamba kale, dzanja pachifuwa. Ine ndinalandira nsapato zonse, matope akudontha, n'kuziyala ziwiriziwiri pamwamba pa bambo anga.